Kontirakita mnzathu wachedwa kutipatsa tanelo, kodi tingamusumire?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati kampani yanu ikuyala njanji ndi mawaya pa pulojekiti ya sitima zothamanga kwambiri, kontirakiti yanu ndi ya NEC3, mtundu wa kontirakiti ya zomangamanga wosindikizidwa kale, pansi pa malamulo a ku England, ndiye kampani ina imene ikukumba tanelo imayenera kukusiyirani malo masabata 5 apitawo koma mpaka lero zii, anthu anu ndi makina angokhala, uku eni pulojekiti ayamba kale kutchula za ndalama zolipira mukachedwa kumaliza. Mwafunsa ngati mungasumire okumba tanelowo, komanso ngati maminitsi a misonkhano ya sabata ndi sabata akukwanira kukhala umboni woti munadandaula.

Pa funso loyambalo yankho ndi lakuti ayi, nthawi zambiri simungathe. Inu ndi iwowo palibe kontirakiti imene munasainirana, aliyense anasaina payekha ndi eni pulojekiti, ndipo lamulo la ku England limati wosumira pa kontirakiti ndi yekhayo amene ali m'kontirakitimo. Lilipo lamulo la 1999, Contracts (Rights of Third Parties) Act, limene limalola munthu wapadera kugwiritsa ntchito ndime ina ngati kontirakitiyo yamupatsa ufuluwo, koma makontirakiti ambiri a zomangamanga amatseka khomo limenelo dala. Kusumira kuti anachita mosasamala nakonso ndi kovuta chifukwa zimene mwataya inu ndi ndalama basi, palibe katundu wanu amene waphwanyika, ndipo makhothi a kumeneko kuyambira pa milandu ngati Spartan Steel ndi Murphy v Brentwood salola kawirikawiri kubweza ndalama zotayika mwa mtundu umenewo. Chimene mukayang'ane ndi chakuti kodi pali interface agreement, mgwirizano wa m'mene makontirakita azigwirira ntchito pamalo okumanirana, imene munasainirana nonse. Ngati ilipo muiwerenge bwino, poti zambiri zimangokamba za kugwirizana ndi kupatsana uthenga kenako kumapeto n'kunena kuti makontirakita sadzalipirana okhaokha.

Ndiye mkwiyo wanu ukupita kwa okumba tanelo, ndikumvetsa, koma amene ali ndi ngongole kwa inu ndi eni pulojekiti. Iwowo ndi amene anasankha kuigawa ntchitoyo m'zidutswa, ndipo chiopsezo cha pamalo pamene zidutswazo zikumana chimakhala chawo pokhapokha atachikankhira kwa inu polemba. Si nkhani yaing'ono iyi. Crossrail, pulojekiti ya njanji ya ku London, inagawidwa m'makontirakiti akuluakulu 36, imayenera kutsegulidwa mu December 2018 koma inatsegulidwa mu May 2022, ndipo National Audit Office, ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, mu 2019 inanena kuti kugawa kotereku kunachulukitsa malo okumanirana ntchito, moti wina akachedwa onse omudikirira amabwera ndi madandaulo awo kwa eni. HS2, pulojekiti ya sitima zothamanga kwambiri ya ku England, nayo mu 2017 inapereka ntchito zikuluzikulu zokumba ndi kumanga milatho kwa magulu a makampani osiyanasiyana, masiteshoni paokha, njanji ndi masiginolo paokha. Choncho NEC inalembedwa ikudziwa kuti zimenezi zichitika.

Tsegulani ndime 60.1 ya kontirakiti yanu. Pa nambala 2 akuti ngati Employer, kutanthauza mwini pulojekiti, sanakupatseni malo pofika tsiku limene linalembedwa, imeneyo ndi compensation event, chochitika chimene chimakupatsani ufulu wopempha chipukuta misozi. Pa nambala 5 akuti chimodzimodzi ngati Employer kapena anthu ena, amene kontirakiti imawatcha Others, sanagwire ntchito m'nthawi imene ili pa Accepted Programme, pulogalamu ya ntchito ndi masiku imene inavomerezedwa. Okumba tanelo anu ndi Others amenewo. Compensation event ikavomerezedwa imakupatsani ndalama komanso nthawi, tsiku lomalizira limasunthidwa, ndiye nkhani yolipira kuchedwa ija imagwa yokha.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvere kwambiri chifukwa ndi pamene anthu amatayira ndalama zawo akuona. Amati mlandu suwola, koma mu NEC umawola ndithu, ndipo umawola pa masabata 8. Ndime 61.3 imati mukapanda kupereka notisi ya compensation event pasanathe masabata 8 chidziwireni za nkhaniyo, mwataya ufulu wa ndalama ndi wa nthawi womwe, ngakhale aliyense pa saiti akudziwa kuti olakwa si inu. Pali kampata kakang'ono pa zinthu zochokera kwa Project Manager mwini, woyang'anira kontirakiti m'malo mwa eni pulojekiti, monga malangizo amene wapereka, koma kuchedwa kwa kontirakita wina musakuwerengere mmenemo. Inu mwadya kale masabata 5, ndipo musadzinamize kuti atsala 3 athunthu poti mbali inayo ikhoza kunena kuti munadziwa kale tsikulo lisanafike. Lembani lero.

Za maminitsi, pepani, sakukwanira. Ndime 13.7 imati notisi imene kontirakiti ikufuna iperekedwe payokha osati yosakanikirana ndi mauthenga ena, ndiye chiganizo cha m'maminitsi chakuti kontirakita anadandaula za kuchedwa chimathandiza ngati umboni wa zimene zinkachitika koma si notisi. Early warning, chenjezo la msanga la pa ndime 16, nayonso si notisi ya compensation event, ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo zonse muyenera kupereka, chifukwa mukapanda kuchenjeza msanga Project Manager ali ndi mphamvu yowerengetsera ndalama zanu ngati kuti munachenjeza ndipo zina zinapewedwa. Notisiyo isakhale yaitali, tchulani ndime, gawo la tanelo, tsiku limene mumayenera kulowa, ndi kuti simunalowe, muitumize kudzera mu njira imene kontirakiti inatchula, kaya ndi sisitimu ya pa kompyuta, osati pa WhatsApp ya injiniya mnzanu.

Mukatumiza, Project Manager ali ndi sabata imodzi yoyankha. Akakhala chete mumulembere kuti sanayankhe, akakhalabe chete masabata ena 2 zimatengedwa kuti wavomera. Akavomera mumapereka kotesheni ya ndalama ndi nthawi imene mukufuna pasanathe masabata 3, iye n'kuyankha pasanathe masabata 2. Ndipo kotesheniyo imawerengedwa poyang'ana Accepted Programme, ndiye ngati pulogalamu yanu yomaliza kuvomerezedwa ndi yakalekale kapena simunaonetsepo masiku a okumba tanelo, muli pamavuto, Project Manager adzawerengetsa yekha m'mene akuonera. Ndime 31.2 imafuna kuti pulogalamu izionetsa ntchito za Employer ndi za Others. Ine ndimaona kuti kuyang'anira malo okumanirana makontirakiti kwenikweni kumachitikira pa pepala limeneli osati m'misonkhano, tsiku la mnzanu likalowa pa pulogalamu yanu n'kuvomerezedwa ndiye kuti lasanduka lonjezo la eni pulojekiti kwa inu.

Chinanso, kumbuyo kwanu kuli anthu a masiginolo ndi a magetsi amene akudikirira inu. Ngati muli ndi ma Key Date, masiku oti mukhale mutafikitsa ntchito pamene ena angapitirize, ndime 25.3 imati mukaphonya ndipo Employer walipira ndalama zoonjezera kwa kontirakita wina chifukwa cha inu, ndalamazo adzazitenga kwa inu. Ndi ndime yomweyo imene eni adzagwiritse ntchito pa okumba tanelo, zimenezo ndi zawo. Zanu n'zakuti mu kotesheni mupemphe kuti ma Key Date anu asunthidwenso, osati tsiku lomalizira lokha, apo ayi mudzalipira anthu a masiginolo pa kuchedwa kumene munakulandira kwa wina.

Tsiku lolandira tanelolo likadzafika musadzalowe mothamanga chifukwa chotopa kudikira. Yenderani limodzi ndi Supervisor, amene amayendera ntchito m'malo mwa eni pulojekiti, yezani konkire ngati ili mu miyezo imene Works Information yanu, chikalata chofotokoza ntchito, inalonjeza, jambulani zithunzi, lembani zonse zosatha. Mukapeza pokhota musakonze nokha mwaulere kapena pongogwirizana pakamwa ndi kapitawo wa kampani inayo, pemphani malangizo olemba kwa Project Manager, chifukwa mukangoyala njanji pamwamba pake n'kudzapezeka vuto patsogolo, kusiyanitsa cholakwa chawo ndi chanu kudzakhala kovuta kwambiri.

Akakana zonse, simukuyenera kudikira pulojekiti ithe. Gawo 108 la Housing Grants, Construction and Regeneration Act ya 1996 limakupatsani ufulu wopita ku adjudication, kumene woweruza wapadera amagamula mkangano mwachangu, nthawi ina iliyonse, ndipo woweruzayo amapereka chigamulo pasanathe masiku 28 chimulandirireni nkhaniyo, akhoza kuonjezera masiku 14 inu odandaula mukalola. Chigamulocho chimatsatidwa pompo, wokana amakakamizidwa ku Technology and Construction Court, khothi la milandu ya zomangamanga, ndipo pansi pa Option W2, gawo la NEC3 lothetsera mikangano, amene sanakhutire ali ndi masabata 4 okha onena kuti akufuna kupita nayo patsogolo. Ntchito musaimitse chifukwa cha mkanganowu.

Zonse ndanenazi ndi za NEC3 m'mene inasindikizidwira, koma pa mapulojekiti aakulu eni amaisintha kwambiri ndi ma Z clause, ndime zoonjezera zimene amalemba okha, ena amafupikitsa nthawi ya notisi, ena amalemba kuti munavomera kale kulolera kuchedwa kwa makontirakita ena pa mtengo wanu, ndiye loya wanu aone ma Z clause, Contract Data (tsatanetsatane wa kontirakiti yanu) ndi pulogalamu yomaliza kuvomerezedwa sabata ino. Ndipo ngati kampani yanu ndi sabukontirakita osati kontirakita wamkulu, mu sabukontirakiti ya NEC3 nthawi ija ndi masabata 7 osati 8, ndipo notisi imapita kwa kontirakita amene anakupatsani ntchito.