Kodi munthu wofatsa angakhale wapampando?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Anzawo a banki m'khonde awasankha kukhala wapampando, koma iwo akuti ndi ofatsa, satha kukalipa ngati amene analipo kale. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingadziwe bwanji kuti utsogoleri ndiutha?"

Mayi, yambani mwaona nkhani zimene anzanuwo amabwera nazo kwa inu. Ngati munthu amene ngongole yamuvuta amayamba wakunong'onezani inu tsiku lokumana lisanafike, mphamvu yanu ndi imeneyo. Anthu amakuuzani zimene akuchita nazo manyazi, ndipo m'gulu la ndalama zimenezi si zazing'ono ayi. Magulu amene ndawaona akusweka pogawana masheya mu Disembala, chinawaswa ndi ngongole imene mwini wake anaibisa miyezi ingapo poopa kuyalutsidwa pagulu.

Ine ndine wosiyana nanu. Ndimaganiza msanga, kulankhulanso msanga. Namondwe wa Freddy atawononga kuno ku Mulanje mu Malichi 2023, ndinali m'komiti yogawa thandizo pamsasa wina wa pasukulu. Changu changacho chinathandiza masiku oyamba, pakuti anthu anali ndi njala ndipo ufa sukanadikira misonkhano. Koma m'kaundula ndinasiyamo agogo awiri amene sankatha kuima pamzere. Anawatulukira ndi mayi wina wosalankhulalankhula ngati inu, amene ankayenda m'makalasi madzulo kuona amene wagona osadya. Zimandipwetekabe mumtima. Kuyambira pamenepo sinditseka nkhani ndisanafunse amene wakhala chete. Anyamata operekeza alendo kuphiri kuchokera pa Likhubula amazidziwa bwino izi: ulendo wa ku Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, amauyenda akucheukira amene watsalira, osati amene ali patsogolo.

Komabe ndisakunamizeni, kufatsa kuli ndi msampha wake. Tsiku lina adzachedwa kubweza ndi alamu anu enieni, ndipo gulu lonse lidzakhala likuyang'ana nkhope yanu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pamenepo musayesere kutengera ukali wa wapampando wakale, chifukwa anthu adzaona kuti si wanu. Tsamirani pa malamulo amene munagwirizana nonse. Mlembi awerenge mokweza, chindapusa chilembedwe m'buku anthu akuona, kaya wolakwayo ndi wachibale kaya si wachibale. Makiyi atatu a bokosi la ndalama akhale ndi anthu atatu osiyana, inu musasunge ngakhale imodzi.

Pokumana koyamba, auzeni poyera kuti inu simukalipa, koma lamulo lidzagwira aliyense kuyambira inuyo. Kenako pezani mnzanu mmodzi wosaopa kukudzudzulani, muzimufunsa mukamabwerera kunyumba kuti ndi pati pamene chifundo chinakupitirirani. Mudzandilembere ikatha miyezi itatu, ndikufuna kumva kuti alamu aja zinatha bwanji.