Zoti mtedza wathu ukhoza kulowa ku Ulaya wopanda msonkho

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti katundu wa ku Malawi amalowa ku Ulaya osalipira msonkho, komanso chomwe chikuletsa alimi a mtedza a ku Mchinji kuti azitumiza okha. Za msonkhozo n'zoona. Kuyambira 2001 mayiko a European Union ali ndi ndondomeko ya Everything But Arms, yomwe imalola mayiko osaukitsitsa monga Malawi, Zambia ndi Mozambique kugulitsa chilichonse kumeneko kupatula zida zankhondo, popanda msonkho wa pachipata. Pa shuga anatsegula pang'onopang'ono mpaka kumaliza mu 2009.

Koma inu a mtedza, chimene chingakubwezeni pachipata ndi chuku. Mtedza ukachita chinyezi umamera nkhungu yotulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi. Ku Ulaya aflatoxin mu mtedza wodya anthu asapitirire ma microgram 4 pa kilogalamu (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo amayeza ndithu. Ndiye taganizani momwe timachitira kumudzi: kuyanika pa dothi, kuwaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, kenako kuthira m'matumba usanaume bwino. Kontena yotere ikafika ku doko la Rotterdam ku Netherlands imakanidwa, ndalama ya galimoto kukafika ku Beira kapena Nacala ndi ya sitima yapita kale. Chimandipweteka n'choti mtedza wokanidwa ndi azungu ndi womwewo timasinjira ana m'phala.

Chinanso, mwayi umenewu mwini wake ndi wopereka. Mwachitsanzo, Amereka anakhazikitsa AGOA, lamulo lolola katundu wambiri wa mayiko ena a mu Afirika kulowa ku Amereka wopanda msonkho, mu 2000, ndipo mafakitale osoka zovala ku Maseru, ku Lesotho, anakula chifukwa cha iyo. Koma dziko la Rwanda litakweza msonkho wa kaunjika pofuna kuteteza osoka ake, Amereka anaimitsa mwayi wa zovala za ku Rwanda mu 2018. Ethiopia anaichotsa mu AGOA mu Januwale 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Tigray, ndipo ambiri osoka mumzinda wa Hawassa m'dzikomo ntchito zinawathera.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kulowa m'kopaletivi, chifukwa munthu mmodzi kudzaza kontena n'kovuta. Muziyanika pa thandala kapena pa lona, muzisenda wouma, ndipo musanalankhule ndi wogula aliyense wakunja, kayezetseni chitsanzo cha mtedza wanu ku labotale kuti mudziwe pomwe muli.