Kodi inhela ya mwana wanga ndi ya feki?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga ali ndi mphumu ndipo amapopera ka inhela ka buluu kaja ka Ventolin. Kale kupopera kawiri basi chifuwa chimamasuka, koma chiyambireni kuzizira mu Juni akupopera m'mawa, masana, usiku koma kakugwira pang'ono chabe. Kodi anandigulitsa feki? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, onani deti yake komanso ngati sikanathe, koma ine sindikuganiza kuti ndi feki ayi. Mankhwala a mkatimo ndi salbutamol, akalowa amakakhala pa timalo tapadera totchedwa beta-2 receptor tomwe tili pa maselo a minofu ya njira za mpweya, minofuyo imamasuka mpweya nkumadutsa. Manje vuto ndi lakuti selo silikonda kugogodedwa pafupipafupi, zili ngati wa kaloba akamabwera tsiku ndi tsiku, mwini nyumba amayamba kungokhala chete mkati.

Pakangopita mphindi zochepa, puloteni ya m'selo yotchedwa GRK imamata kachizindikiro kotchedwa phosphate pa receptor ija, kenaka puloteni ina ya arrestin imadzakakamira pomwepo nkutsekereza uthenga, ndiye selo limakokera receptor yonseyo mkati. Mukalipatsa mpata limaibweza panja bwinobwino. Koma kupopera kukapitirira masiku ambiri, ma receptor ena amaphwanyidwa mkati momwemo ndipo atsopano amapangidwa ochepa, ndiye mankhwala omwewo amapeza pokhala pochepa. Robert Lefkowitz ndi Brian Kobilka analandira mphoto ya Nobel mu 2012 kamba kofufuza ma receptor a mtundu umenewu.

Koma musathawire pa nkhani ya maseloyi yokha, imeneyi ndi mbali yaing'ono. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi chakuti mwana amene akupopera katatu pa tsiku ndiye kuti njira za mpweya zatupa mkati, ndipo ka buluu sikachotsa kutupa olo pang'ono. Yochotsa kutupa ndi inhela ina ya steroid monga beclometasone, nthawi zambiri imakhala ya bulawuni, yopopera tsiku lililonse ngakhale ali bwino, ndipo imathandizanso kuti ma receptor aja achuluke.

Musamulande ka buluu, kamapulumutsa moyo. Pitani naye ku kiliniki sabata ino akamuone, akaonenso mmene amapoperera. Mbaula ya malasha isalowe mchipinda chomwe amagona. Akamalephera kumaliza mawu polankhula kapena milomo ikasintha mtundu, thamangani naye ku chipatala cha Chipata Central ngakhale pakati pa usiku.