Ku Afriski pitani, koma muone kaye amene akukutengani

Achemwali, nkhani yanu ya ulendo wopita ndi ana ku Afriski, malo osewerera pa snow ku Lesotho, yandikumbutsa zowawa. Ndimati ndingodutsa osayankha koma mtima wakana. Ku Lesotho kokasewera pa snow pitani ndithu ndi anawo, malowo alibe mlandu. Koma ngati wokonza ulendo wanu ali mmodzi wa aja otolera ndalama pa WhatsApp n'kumati "zonse zili kwa ine, inu mungobwera ndi pasipoti", imani kaye mumve zimene zinationekera ife.

Wathu anali mkulu wina wakwathu komweko, dzina sinditchula, ena muno mukumudziwa ndipo mwina akuwerenga. Tinam'patsa ya minibasi, ya malo ogona, ya matikiti okwerera phiri, ngakhale yobwerekera nsapato za ski. Tinanyamuka ku Johannesburg m'bandakucha, kudzera Bethlehem ndi Fouriesburg mpaka pa boda ya Caledonspoort. Ulendo wonse ndi wa maola 5 ngati zinthu zili bwino. Zathu zinayambira pa boda pomwepo. Mnyamata wina amene anamutenga masiku ake a mu pasipoti anali atatha kalekale, mkuluyo akudziwa, anangomuuza kuti "tikalankhula nawo". Kulankhula chiyani? Lamulo la South Africa lili poyera: ukapyola ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukaposa 30 ndi zaka 5. Mnyamatayo anadzidzimuka ali kale pamzere, anapotoloka asanafike pa kauntala, ife n'kukhala panja kudikira kuti apeze galimoto yomubwezera ku Fouriesburg. Dzuwa likukwera, ana akufunsa kuti snow ili kuti.

Kuchoka pa Butha-Buthe msewu wa A1 ndi tala yense, koma umakwera mosanyengerera. Moteng Pass ndi mamita 2,820, makona okhaokha, kenako Oxbow, kenako mwafika. Afriski ili pa mamita opitirira 3,000, kutanthauza kuti poimika galimoto pokhapo mwafika kale pa msinkhu wa Sapitwa, amene ali 3,002. Mpweya ndi wochepa, kungoyenda pang'ono mutanyamula nsapato zolemera zija mumapuma wefuwefu. Musayembekezere mapiri oyera mbee ngati a pa TV. Malo otsetserekapo aakulu ndi amodzi, otalika pafupifupi kilomita imodzi, kamzere koyera pakati pa udzu wouma, ndipo snow yambiri amaipanga ndi makina opopera madzi usiku kukazizira kwambiri. Pansi pali kamalo ka ophunzira ndi ana. Basi. Komabe kwa ife oleredwa ku Zomba n'zodabwitsa, mwana wanga anaiwala njala.

Tinafika masana atapendeka. Ku risepushoni anafufuza dzina la mkulu uja, dzina la gulu, nambala ya foni yake, palibe. Palibe chipinda, palibe tikiti, palibe ngakhale dipoziti. Anthu a pamenepo anayesetsa kutithandiza koma munali mu Julayi, sukulu zitatsekera, malo onse odzaza. Iye ali "ndinatumiza ndalama, umboni uli mufoni, koma netiweki palibe". Inde SIM ya ku South Africa siigwira kumeneko ngati sunatsegule roaming, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Tinapisanso m'matumba mwathu kuti ana angolawako, nthawi yotsala inali yochepa, kenako tinauzidwa kuti tikagona ku Butha-Buthe. Tinayamba kutsika dzuwa likulowa.

Abale anga, Moteng usiku. Masana dzuwa limasungunula snow ya m'mbali, madzi n'kumayenderera mumsewu, likangolowa madziwo amauma n'kukhala ayezi wopyapyala wosaoneka, tala amangooneka ngati wanyowa. Dalaivala wathu anali mnyamata wozolowera misewu ya m'tauni, phiri ngati limenelo anali asanaliyendepo. Ankatsika mwendo uli pa buleki m'malo moika giya yaing'ono. Fungo la mabuleki linayamba kulowa mkati, bambo wina kumbuyo akukuwa kuti "ika seconi, mwana iwe, ika seconi". Pa kona ina anaponda buleki, minibasi inangotembenuka yokha chammbali, pang'onopang'ono, ngati ukaponda katondo mvula itangogwa. Palibe anakuwa. Ndinaona magetsi athu akuwalitsa pamalo opanda kanthu, mdima wokhawokha kumunsi, ndinagwira mwana pakhosi pa jekete mpaka anatsokomola. Tinaima tayala lakumbuyo litagunda mwala wa mbali ya phiri. Likanakhala mbali inayo si ine ndikulemba pano. Mayi wina ndi amene anayamba kupemphera, mawu osamveka, dalaivala manja ali pachiwongolero akunjenjemera osatha kuyankhula.

Kutsogolo kwathu lole inali itapingasa msewu, nayonso ayezi yemweyo. Palibe kutsika, palibe kubwerera. Dizilo anali wochepa chifukwa bwana mkubwa anati tikathira pobwerera, ndiye injini timayatsa kanthawi kuti titenthedwe n'kuzimitsanso. Magalasi anauma ayezi chamkati, kuchokera ku mpweya wathu womwe. Masokosi onyowa a masana aja anasanduka chilango, zala za kumapazi sindinkazimva. Mwana wa mnzanga mutu ukumuwawa chifukwa cha kutalika kwa malo, anasanza kawiri, madzi akumwa atatha. Kuchimbudzi ndiye musandifunse, kutsegula chitseko mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Ndipo mkulu uja? Atavala jekete yochindikala kuposa tonse, chipewa mpaka m'makutu, kabotolo kake m'manja, akutiuza kuti "izi ndiye zosangalatsa za ulendo". Ndikulemba pano manja akuyabwa.

Amene anatipulumutsa ndi anyamata oweta nkhosa, Abasotho ovala mabulangete ndi magambutsi, kumaso ataphimba kungotsala maso. Anabwera ndi agalu awo, chilankhulo sitinkamvana, anangoloza ana n'kuloza kumtunda. Anatenga ife azimayi ndi ana kupita nafe kukanyumba kawo kamiyala kofolera udzu, moto wa ndowe zouma ukuyaka, utsi wowawa m'maso koma palibe anadandaula. Anatigawira papa, nsima yawo youma ija, yopanda ndiwo. Anthu osauka kutheratu, sanapemphe kanthu, tinachita kuwakakamiza kulandira kangachepe m'mawa. Msewu unatseguka dzuwa litatentha, lole itakokedwa.

Ndiye mumve mwano wa mkulu uja. Titafika pa Butha-Buthe munthu yemweyo anayendetsa chipewa kuti tisonkhe ya dizilo. Ndalama zathu mpaka lero sanabweze, ukamuimbira amati akudikira malowo amubwezere, malo amene sanawalipire n'komwe. Zithunzi za ana athu anaziika pa Facebook n'kulemba kuti ulendo unayenda bwino, pano akulengeza wina wa ku Durban. Kutchalitchi amakhala kutsogolo. Chimandiwawa n'chakuti ndi munthu wakwathu, amadziwa mmene randi timaivutikira kuno ku South Africa.

Inu achemwali, musapereke ndalama kwa munthu pasadakhale, ngakhale mbale wanu. Koma malo ogona lipirani msanga, nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti yokha ndipo amadzaza, kalata yotsimikizira ikhale m'dzina lanu, muisindikize papepala. Za magulu ine ndinasiya, ngakhale kunena zoona mukakhala ambiri mtengo wa galimoto umatsika, ndiponso usiku uja tikanakhala banja lokha sindikudziwa akanakankha galimoto ndani. Aliyense aonetse pasipoti yake musananyamuke, ndipo amene ali ndi pepala la asylum, la othawa kwawo, asayerekeze kutuluka mu South Africa. Galimoto ikhale ndi mapepala ake, ngati ndi yangongole mutenge kalata ya kubanki, ndipo pa boda pali kandalama ka msewu. Thirani mafuta odzaza pa Butha-Buthe. Randi imayenda bwinobwino ku Lesotho, mphamvu yake ndi yofanana ndi loti, koma maloti a chenji muwathere konko chifukwa kuno sawalandira. Magolovesi osalowa madzi, masokosi owonjezera, magalasi a dzuwa, mafuta a pamilomo, madzi ambiri, bulangete m'galimoto. Ana muwalembetse phunziro kwa aphunzitsi a pamenepo, musawasiye m'manja mwa amalume amene anaonera pa YouTube. Ngati simukugona komweko nyamukani dzuwa likadali pamwamba, musati tingojambulako kamodzi komaliza.

Ndipo ngati wokonza wanu ndi wamtali, wokonda chipewa chofiira, ndilembereni ku inbox musanatumize kalikonse.