Senta wathu akumusaka: kodi kochi amuike pa benchi?

Wowerenga wina wokonda basketball wanditumizira imelo mtima uli m'mwamba. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Timu yanga ikafika mu NBA Finals (ndime yomaliza ya ligi ya basketball ya ku America, pamene timu yoyamba kuwina magemu anayi mwa 7 imatenga chikho), amene amandisowetsa tulo ndi senta wathu (wosewera wamtali amene amaima pafupi ndi basiketi). Ndi chimphona, pansi pa basiketi sipadutsa munthu, koma miyendo ndi yolemera. Akamukokera kunja amangomudutsa. Kodi kochi saona zimenezi? Bwanji osamuika pa benchi gemu yoyamba ikangotivuta, monga anachitira Steve Kerr mu 2015?"

Achimwene, kochi amaona. Ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi kudula vidiyo ya gemu usiku womwewo, ndipo pofika m'mawa amadziwa kuti senta wanuyo anadutsidwa kangati, mbali iti, ndi ndani. Chimene chimamuchedwetsa ndi funso limene masapota sitikonda kulifunsa: ndikamuchotsa, ndilipira chiyani?

Tiyambe ndi 2015 yomwe mwatchulayo, chifukwa anthu amaikumbukira mbali imodzi. Golden State Warriors, imene kochi wake anali Steve Kerr, inali kumbuyo 2-1 kwa Cleveland Cavaliers. Mu gemu yachinayi Kerr anachotsa senta wake, Andrew Bogut, pa oyamba asanu n'kulowetsa Andre Iguodala, ndipo Draymond Green, amene pakati pa masenta amaoneka wamfupi, ndiye anaima pakati. Atolankhani atamufunsa gemu isanayambe, Kerr anawauza kuti sasintha kanthu, kenako anavomera yekha kuti ananama dala. Warriors inawina magemu atatu otsatizana, Iguodala n'kukhala MVP wa Finals, ndiye kuti wosewera wopambana onse. Apa mpamene ambiri amathera nkhani.

Koma taonani zimene zinachitika mu gemu yachinayi yomweyo. Timofey Mozgov, senta wa Cleveland, anachinya mapointi 28, poti panalibenso wamsinkhu wake womutchinga. Kerr anadziwa kuti zikhala choncho ndipo analolera, chifukwa ankagula liwiro. Cleveland inalibe Kyrie Irving, amene anavulala bondo mu gemu yoyamba, inalibenso Kevin Love. LeBron James ankasenza katundu yense ndi anzake ochepa otopa, ndiye kuwathamangitsa kunali kuwamaliza. Warriors inawina 103-82. Dziwaninso kuti Kerr sanasinthe gemu yoyamba itangotha. Anadikira mpaka ataona vuto lomwelo magemu atatu.

Tsono yerekezani ndi 2025. Mark Daigneault, kochi wa Oklahoma City Thunder, anachita zomwe inu mukufunazo, ndipo anazichita msanga kuposa apo: Finals isanayambe n'komwe anachotsa senta Isaiah Hartenstein pa oyamba n'kuika Cason Wallace, poopa liwiro la Indiana Pacers. Gemu yoyamba Indiana inawaposa kutali pa ma rebound (kugwira mpira umene waphonya basiketi), ndipo Tyrese Haliburton wa Indiana anachinya kutatsala masekondi 0.3, n'kuthera 111-110. Thunder itatsalira 2-1, Hartenstein anabwerera pa oyamba mu gemu yachinayi, ndipo anaiwina. Chikho anatenga mu gemu yachisanu ndi chiwiri, ngakhale sitingaiwale kuti Haliburton anaduka mtsempha wa kuchidendene mu kota yoyamba ya gemu imeneyo. Sindikunena kuti Hartenstein yekha ndiye anapulumutsa timu, ayi. Ndikungoti mankhwala amene anachiritsa Kerr, kwa Daigneault anangomuwawa m'kamwa.

Kusaka senta, ndiye kuti kumukokera dala kumene ali wofooka, kumachitika motere. Wosewera amene akumakidwa ndi senta wanu amabwera kudzaimirira kutsogolo kwa amene akumaka wosewera yemwe ali ndi mpira, ija amati pick. Womakayo akagundana naye, senta wanu ayenera kusankha m'kuphethira kwa diso. Akabwerera m'mbuyo kukateteza basiketi, wa mpirayo amapeza mpata woponya momasuka. Akasinthana ndi mnzake n'kumaka wa mpirayo, watsala yekha kunja ndi munthu wothamanga kumuposa, ndipo anzake anayi amangoyang'ana. Akathamangira onse awiri pa mpira, ndiye kuti kumbuyo kwatsala atatu kulimbana ndi anayi, ndipo timu yodziwa kupatsirana imapeza munthu ali yekha pakona. Njira zitatu zonsezi zili ndi bowo. Kochi amangosankha bowo limene adaniwo sangalowepo mosavuta.

Ndipo osakidwa si masenta okha. Mu 2016 Cleveland inkakokera Stephen Curry, katswiri wa Warriors, pa pick mobwerezabwereza kuti atope komanso achite mafaulo, mpaka mu gemu yachisanu ndi chimodzi anatulutsidwa atakwanitsa mafaulo 6, monga lamulo limanenera. Mpira wa mapointi atatu wa Irving umene unagamula gemu yomaliza unaponyedwa pamaso pa Curry yemweyo, atasinthana pa pick. Mu 2024 Boston Celtics inachita chimodzimodzi kwa Luka Dončić wa Dallas Mavericks, nayenso anatuluka ndi mafaulo 6 mu gemu yachitatu. Kodi alipo kochi wamisala amene akanaika Curry kapena Dončić pa benchi? Timu iliyonse ili ndi wosakidwa. Mukachotsa senta, adani sasiya kusaka, amangopita kwa wotsatira.

Za gemu yoyamba, ndikuuzeni zoona: amene waiwina kawirikawiri ndiye amatenga chikho, ndiye nkhawa yanu si yachabe. Komabe zigoli zake musazikhulupirire kwambiri. Mu 1985 Celtics inakwapula Los Angeles Lakers 148-114, anthu n'kumati Kareem Abdul-Jabbar, senta wa Lakers, wakalamba. Lakers inawina 4-2 ndipo MVP anali Kareem yemweyo, ali ndi zaka 38. Mu 1991 Chicago Bulls inaluza gemu yoyamba pakwawo, kenako Scottie Pippen wa Bulls anayamba kumaka Magic Johnson, katswiri wa Lakers, mu gemu yachiwiri, ndipo Bulls inawina inayi yotsatizana. Onani kuti Phil Jackson, kochi wa Bulls, sanachotse munthu pa oyamba, anangosintha womaka.

Mukamaonera, musatanganidwe ndi mayina asanu oyamba. Yang'anani amene ali m'bwalo m'mphindi zisanu zomaliza, chifukwa pamenepo mpamene kochi amaulula amene amawakhulupirira. Yang'ananinso mtundu wa mipira imene adani akuponya. Ngati akuchinya mipira yovuta, dzanja lili pamaso, asiyeni, sadzachinya choncho magemu 7. Koma ngati akupeza munthu ali yekhayekha pakona kanayi, kasanu, ngakhale aphonye, dandaulani, ngakhale mutawina gemuyo.

Ndikanakhala ine kochi wanu, benchi ikanakhala njira yomaliza. Choyamba ndikanachepetsa mphindi zake n'kumamulowetsa pamene katswiri wa adani akupuma. Chachiwiri ndikanamubisa, ndipo chitsanzo chabwino ndi Bogut yemwe uja. Mwezi umodzi Finals ya 2015 isanafike, Warriors inalinso kumbuyo 2-1 kwa Memphis Grizzlies. Kerr anauza Bogut kuti "azimaka" Tony Allen, mwamuna wotchinga moopsa koma wosadalirika poponya patali. Bogut sankamutsatira n'komwe, ankangoima pafupi ndi basiketi kuthandiza anzake kulimbana ndi zimphona za Memphis, Zach Randolph ndi Marc Gasol, Allen n'kumasiyidwa yekha kunja kuti aponye ngati akufuna. Memphis inasokonekera, n'kuluza magemu atatu otsatizana. Munthu mmodzi, kochi mmodzi, chaka chimodzi: kwa Memphis anali yankho, kwa Cleveland anali vuto.

Choncho musanaweruze senta wanu, werengani adaniwo. Kodi pa asanu awo alipo amene saponya bwino patali? Ngati alipo, chimphona chanu chili ndi pobisala ndipo kochi akuchita bwino kuchisunga. Koma mukakumana ndi timu ngati Boston ya 2024, imene ngakhale masenta ake, Al Horford ndi Kristaps Porziņģis, ankaponya ya mapointi atatu, pobisala palibe. Pamenepo ndigwirizana nanu, ndipo sindingadikire gemu yachinayi ngati Kerr. Gemu yachiwiri ikaonetsa bowo lomwelo, akhale pansi.