Carp zikudumpha koma sizikugwira mbedza

Achimwene, mwati munakhala panyanja kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nsomba za mtundu wa carp zikuvuuka pamaso panu, koma chingwe osagwedezeka ngakhale kamodzi, ndiye mukufunsa ngati vuto ndi nyambo. Ine nyambo sindikuyikayikira kwenikweni. Ndikuona ngati munafika mochedwa, komanso munakhala pamalo pokomera inuyo, osati pomwe nsomba zinkadya.

Ine ndimafika mbandakucha, ndipo sindithamangira kumasula katundu. Ndimayenda monyang'ama m'mbali mwa madzi mphindi 30 kapena kuposerapo, maso ali pamadzi. Carp imadyera pansi. Imazika mlomo m'matope, kuyamwa, kulavula, kusaka tinyongolotsi tofiira, nkhono ndi tizilombo tina. Ikamatero siibisika. Mumaona timathovu ting'onoting'ono tikutumphuka pamalo amodzi, kenako n'kusendera pang'ono. Pena madzi avunduka ngati wina waponda, pena bango limodzi likugwedezeka lokha kopanda mphepo. Pamenepo ndiye pomwe ndimaponya, ngakhale patakhala mamita 5 okha kuchokera pagombe. Yodumpha pakati panyanja ija imangokudziwitsani kuti nsomba zilimo, basi. Mphepo nayonso muziiwerengera. Ikawomba yofunda kwa maola ambiri imakankhira madzi apamwamba ndi chakudya kugombe limodzi, ndipo carp zimalondola komweko. Ambiri amakonda kuipatsa msana mphepo, ine ndimakhala ikundiwomba kumaso.

Za phokoso musazitenge mopepuka. Nsomba imeneyi ili ndi tifupa tolumikiza thumba lake la mpweya ndi khutu lamkati, ndiye imamva kwabasi, ngakhale mgugu wa mapazi pagombe. Tsiku lina ndinali nditanjuta pansi pa mtengo wowerama pamadzi, carp zitatu zikudya pafupi penipeni. Ndinkaona misana yakuda, michira ikupalasa pang'onopang'ono, ndevu zikukhudza matope. Mnzanga anamenyetsa chitseko cha galimoto chapatali ndithu. Zonse zitatu zinangoti zii, kutsala mtambo wa matope, ndipo tsiku limenelo sizinabwerenso. Mpaka lero zimandiwawa.

Nyambo yosavuta ndi chimanga. Chinyikeni m'madzi maola 24, kenako chiwiritseni mphindi 30 kuti chifewe. Chouma musaponye, chimafufuma ndipo chingavulaze nsomba. Mwazani manja awiri kapena atatu pamalo amodzi, osati ndowa yonse. Mukufuna zizitola njere imodziimodzi mpaka zifike pa yanu, osati zikhute.

Tsono apa ndi pomwe ndikukhulupirira kuti nsomba zinakudyerani nyambo inu osadziwa. Carp ilibe mano m'kamwa, mano ake ali kukhosi. Imayamwa nyambo, ikangomva chitsulo imalavula nthawi yomweyo, inu pagombe osaona kanthu. Ndi chifukwa chake Len Middleton ndi Kevin Maddocks a ku England anayambitsa kamangidwe kotchedwa hair rig chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyambo simuibaya pambedza. Mumatunga njere ziwiri kapena zitatu pa kaulusi kolendewera kumunsi kwa mbedza, pafupifupi sentimita imodzi, mbedza n'kukhala yopanda kanthu. Nsomba ikayamwa chimanga mbedza imalowa nawo, ikati ilavule, mbedza imakola mlomo wapansi. Ine ndimagwiritsa mbedza nambala 6 kapena 8, chingwe cha mamilimita 0.35, ndi mtovu womizira nyambo wa magalamu 70 kuti nsomba ikatembenuka idzibaye yokha. Musanaponye kandani chikhadabo ndi nsonga ya mbedza. Ikangoterereka, yabuntha, sinthani.

Mukaponya, siyani. Kuvuula mphindi khumi zilizonse kumangobalalitsa nsomba. Masulaninso pang'ono rilu, chokulungira chingwe cha pandodo, kuti chingwe chizituluka chikakokedwa, chifukwa carp ikakodwa imathawa ndi liwiro loti ndodo yonse itha kupita m'madzi. Musaiderere, ku Hungary mu 2018 anagwira ya makilogalamu 51.2. Yanuyo ngakhale ikhale ya makilogalamu 5 idzalunjika kumabango kapena kumizu, ndiye pendeketsani ndodo chammbali muibweze isanafikeko, osakoka mwaukali.

Dzuwa likafika paliwombo kudya pansi kumachepa. Nthawi zambiri mumaziona zikungoyandama pamwamba, kuwothera. Pamenepo chotsani mtovu, kolowekani kachikhokho ka buledi, kaponyeni patsogolo pa nsomba pang'ono kaziyandama. Kuona milomo ija ikutuluka m'madzi kudzameza, mtima umagunda ngati ng'oma. Chakumadzulo bwererani pomwe munamwaza chimanga paja.

Ikatuluka, ndikupempheni chinthu chimodzi. Nyowetsani manja, igonekeni pa chinthu chofewa chonyowa, osati pamchenga kapena pamiyala, pakuti choterera chapathupi pake chija chimaiteteza ku matenda. Pojambula gwadani, musaimirire nayo. Ngati mukuibweza, igwirizeni m'madzi mpaka imenye mchira yokha. Funsaninso malamulo a panyanjapo musanapite, kwina amafuna chilolezo, kwina salola kutenga nsomba.

Tandiuzeni, pomwe munaponyapo pansi pake ndi pamatope, pandere kapena pamiyala? Pamatope ofewa mtovu umatitimira n'kukokera nyambo pansi, ndiye pamafunika kutalikitsa chingwe cha pakati pa mtovu ndi mbedza ndi kupepukitsa mtovuwo.