Amene anapereka bambo anga amatiwerengera mawu kutchalitchi

FUNSO

Bambo, ndithandizeni nzeru. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale. Usiku wina mu 1976 galimoto inaima pakhomo pathu, anthu atatu n'kuwatenga opanda ndi nsapato zomwe. Anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti. Chifukwa chake tinachimva pambuyo pake: mnansi wathu anakawanenera kuti ankanyoza khadi la chipani. Atatuluka sanabwererenso m'kalasi. Boma litasintha mu 1994 tinamva zoti kuli chipukuta misozi, koma iwo anakana kukalembetsa, amvekere dzina likalowa m'buku la boma silituluka. Anatisiya mu 2001. Mnansi uja akadali moyo, ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu amaima kutsogolo kutiwerengera mawu. Mwana wanga wa fomu 3 wandifunsa kuti, ngati dziko linabwerera pa malamulo, bwanji agogo sanapepesedwe? Ndasowa chomuyankha. Kodi pali chomwe tingachite, kapena tingokhululuka?

Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri. Nditafika pa mawu a bambo anu aja, oti dzina likalowa m'buku la boma silituluka, kalata yanu ndinaiika pansi kaye. Amayi anga ankasunga makhadi a chipani m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati, chaka chilichonse lake, atawamanga ndi kamphira. Anawasungabe mpaka 1998, ayufi atachoka kalekale pazipata za msika. Nditawauza kuti tiwatenthe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukudziwa bwanji kuti sabweranso?" Choncho bambo anu musawaone ngati anataya mwayi. Munthu amene anatengedwa usiku sangakhulupirire boma chifukwa choti pachithunzi cha muofesi pasintha nkhope.

Mwana wanu muuzeni choyamba kuti agogo ake anamangidwa ndi lamulo lenileni, lolembedwa. Lamulo la chitetezo cha dziko la nthawiyo linkalola nduna kusainira kuti munthu atsekeredwe popanda kuzengedwa mlandu, osanenanso tsiku lotuluka. Ndi mmene kunadzadzira ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Panalinso lamulo la 1966 lolanda katundu wa munthu, ndiponso makhoti a mafumu amene anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa koma loya osaloledwa kulowamo. A Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo dziko litangolandira ufulu, anaweruzidwa kuti aphedwe pamodzi ndi akazi awo a Vera m'khoti lotere mu 1983, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Ngati zinatheka kwa loya wamkulu chotero, mphunzitsi wa pulayimale akanathawira kuti?

Zimenezi ndizo zinagwetsedwa. Kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, pa 14 Juni 1993 pa riferendamu tinasankha nyali ya zipani zambiri kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavota zipani zambiri. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'gawo 42, akuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, aloledwe kuonana ndi loya, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Sindikunena kuti apolisi amatsata zimenezi tsiku lililonse, ayi. Koma galimoto ija itaima pakhomo panu lero, m'mawa mwake muli ndi khomo loti mugogode ndi gawo loti mutchule. Amayi anu mu 1976 analibe zimenezo, ngakhale kulira ankalirira m'nyumba chitseko chili chotseka.

Tsopano pamene mwana wanu wafunsa mpomwe pali chilonda. Tinakonza malamulo a mawa, koma za dzulo tinazigwira ndi nsonga za zala. Mlandu waukulu umene unafika kukhoti ndi wa ku Mwanza, wa a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, amene anaphedwa mu Meyi 1983 boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza ya Jaji Mtegha inapeza kuti anachita kuphedwa, koma mu Disembala 1995 khoti linamasula Dr Banda, a John Tembo ndi anzawo. Mu Januwale 1996 Dr Banda anapepesa mtundu wonse pa zowawa zimene zinachitika mu ulamuliro wawo, koma kunali kupepesa kwa chisawawa, kopanda dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Ku South Africa chaka chomwecho komiti ya Archbishop Desmond Tutu inayamba kumva maumboni poyera, wozunzidwa akulankhula, wozunza akuyankha, wayilesi ikuulutsa. Kuno sitinakhale ndi bwalo lotere. Palibe anafunsa wapampando wa nthambi ya chipani kumudzi, kapena mnansi wonong'oneza, kuti aime anene zimene anachita. N'chifukwa chake wanu uja akuwerenga mawu mtima uli m'malo. Ine ndimaona kuti apa dziko linalakwa, ndipo amene analakwiridwa kwambiri ndi mabanja ang'onoang'ono ngati lanu, amene mayina awo sanalembedwe pachipilala chilichonse.

Za chipukuta misozi ndikuuzani zoona, kuti ndisakupatseni chiyembekezo chabodza. Bwalo la National Compensation Tribunal linapatsidwa zaka 10 zokha ndipo linatsekedwa mu 2004, anthu zikwizikwi amene analembetsa asanalandire zawo zonse. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, nthawiyo ikutsogoleredwa ndi a Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lodzudzula mmene nkhaniyi inathera. Ngati olembetsa akulirabe, kwa inu amene simunalembetse njira ndi yothina. Komabe mlandu suola. Pitani ku ofesi ya Ombudsman kapena ku bungwe la Malawi Human Rights Commission mukapereke dandaulo lolembedwa, ndipo mukafuna uphungu wa loya mulibe ndalama, kuli Legal Aid Bureau. Tengani chilichonse chimene chatsala m'sutikesi ya malemu: kalata yowachotsa ntchito, nambala yawo ya uphunzitsi, kapepala kotulukira kundende. Musasiye mapepala enieniwo, siyani mafotokope, ndipo wolandirayo adinde pa yanu. Ndalama mwina simuziona, koma dzina la bambo anu lidzalowa m'buku la boma monga munthu wolakwiridwa.

Mwanayo adziwenso kuti malamulo sabwerera kamodzi n'kukhazikika. Pa zionetsero za 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa, mu ulamuliro wa zipani zambiri womwewu. Koma ndi malamulo omwewa amene anachititsa majaji asanu kufafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, ndipo chaka chomwecho khoti linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi, alipidwe. Amayi a kumudzi kuimika boma pakhoti n'kupambana, agogo ake sakanazilota ali m'chitokosi.

Nanga mkulu wa mpingo uja? Kukhoti sindikuona kuti mungamufikitse, papita zaka zambiri ndipo mboni zatha. Musamuchite chipongwe, musatume anyamata, musamutchule dzina pa Facebook, chifukwa mlandu ungakutembenukireni. Koma musalolenso munthu kukukakamizani kukhululuka msangamsanga ati poti ndinu Mkhristu. Wolakwa sanabwere n'komwe kudzagwada. Pezani wamkulu mmodzi amene nonse mumamulemekeza, kaya abusa kaya amfumu, mupite naye kwawo masana, mukhale pamphasa, mumufunse modekha kuti, "Bambo, munanena chiyani za bambo anga mu 1976, ndipo munauza yani?" Mwina adzakana. Mwina mudzamva kuti nayenso anaopsezedwa, poti masiku amenewo ena ankapereka mnzawo kuti apulumutse khosi lawo. Mwinanso wakhala akudikira funso limeneli zaka zonsezi. Chimene adzayankhe ndicho chidzakuuzani ngati mtima wanu ungamasuke, ndipo zimenezo mudzaweruza ndinu, osati ine.

Musanapite kumeneko, gulani kope la masamba 80 mupatse mwana wanuyo. Apite kwa azakhali ake, kwa amene anaphunzitsidwa ndi agogo, kwa aliyense amene anamva kulira kwa galimoto usiku uja, alembe mwezi wake, sukulu imene ankaphunzitsa, amene ankakawaona, ndi mmene ankaonekera tsiku limene anatuluka. Ayambe ndi amene akalamba kwambiri, sabata ino.